Kukatenga Dothi la Bambo ku Nyansato

Ulendo umenewu sindinaufune, ndipo ndisaname, ndinaukana kawiri. Ine ndine Esinati. Ndimagulitsa manachesi m'mbali mwa msewu pa Mwanza boma, ndipo manachesi akatha ndimagulitsa chilichonse chimene chapezeka. Kuyenda kwanga ndi kwa pakati pa kwathu kwa Nthache ndi pa boma, mwina ku Blantyre kamodzi pachaka. Koma amayi atatuluka m'chipatala mwezi wa Okutobala, miyendo itatupa, maso atatheratu, anandiitana pakhonde n'kulankhula mosazungulira.

"Masiku anga atha, mwananga. Undiperekeze ku Nyansato ndikatenge dothi la bambo ako."

Bambo anga sindinawaonepo. Anali mkamwini wochokera tsidya la malire, ku Mozambique. Anakwatira amayi, anamanga nyumba kwathu, analima zaka ziwiri. Nkhondo yothamangitsa Apwitikizi itakula m'chigawo cha Tete, ananyamuka kukamenya nawo, ine ndili m'mimba. Anabwerako kamodzi kokha mozemba nditabadwa, anakhala masiku awiri n'kubwerera. Nkhondo itatha kunafika kalata yochokera kwa mnzawo wa kutchire, ndipo amalume ndi amene anaiwerenga. Inati bambo anafera pamtsinje wina, atatsalira dala kuti atchinge asilikali pamene anthu a m'mudzi ankaoloka. Inati anaikidwa ku Nyansato, kumpoto kwa Tete, kumene kunamangidwa chipilala chowakumbukira. Pomaliza inati mukafuna kuwaona, yang'anani sitampa imene ili pa envulopuyi.

Kalatayo chiswe chinadya kalekale. Sitampa amayi anaimatula n'kuimata mkati mwa chivindikiro cha kachitini ka mafuta odzola, ndipo kachitini kameneko sikankachoka m'thupi mwawo.

Maliro sanalilidwe. Amalume anati sitimeta pa kalata. Kwathu munthu akafera kutali, wina amayenera kupita kukatapa dothi pamanda pake, n'kubwera nalo kudzalikwirira kumanda a kumudzi. Pamenepo m'pamene anthu amalira, amameta, wamasiye n'kumasuka. Palibe amene anapita. Poyamba kunalibe chokwerera. Kenako kunabuka nkhondo yachiwiri ija imene inadzaza Mwanza ndi anthu othawa, abale a bambo n'kubalalika osadziwikanso. Kenako zinangozolowereka. Amayi anakhala zaka makumi asanu ali pakati, mkazi wa munthu ayi, wamasiye ayi.

"Ndikafa chonchi mukandigoneka ndekha," anatero tsiku limenelo. "Ndagona ndekha mokwana."

Chinthu chimodzi ndinkachidziwa. Anthu olowa m'tchire ankasiya mayina awo pamalire n'kutenga ena a kunkhondo, kuopa kuti akagwidwa azondi angalondole mpaka kumudzi kwa mkazi ndi ana. Pachipilalapo, choncho, padzakhala dzina la kunkhondo. Ndiye ndinafunsa.

"Nanga dzina lawo la kumeneko mukulidziwa?"

"Anandiuza atabwera kuja. Ndinalisunga."

Sindinapitirize. Amayi ndi a mbadwo umene mkazi satchula dzina la mwamuna wake. Moyo wanga wonse ndawamva akuti "bambo a Esinati", basi. Dzina lawo la kumudzi, Zuze, ndinalimva kwa amalume tsiku londilembetsa sukulu. Ndikanayamba bwanji kuuza mayi wondibereka kuti talitchulani ndimve? Ndinaganiza kuti tikakafika ndikawerenga mayina pachipilalapo, iwo akangogwedeza mutu pa loyeneralo.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa pa kabaza wa njinga yamoto, amayi pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira. Pamalire tinafika dzuwa lisanakwere, ine ndikudziyamikira mumtima kuti ndine munthu wadongosolo. Tinapeza mabasi awiri a ku Joni atangofika kumene, mzere utatulukira panja n'kukhota. Mayi wina anawapatsa amayi malo pa katoni yake, ine ndinaima pamzere ola lathunthu ndikununkhiza thukuta la anthu amene agona m'basi masiku awiri. Titafika pazenera, bambo wa yunifolomu anapempha zitupa kuti atilembere chiphaso chodutsira. Changa ndinatulutsa. Cha amayi ndinapisa m'chikwama, m'thumba la siketi, pamfundo ya chitenje, osachipeza.

"Amayi, chitupa chanu chili kuti?"

"Chili m'buku la nyimbo, mmene chimakhala."

"Nanga bukulo?"

"Lili kunyumba. Kodi tikupita kutchalitchi?"

Bamboyo anaseka, koma anati popanda chitupa palibe chimene angachite, ndipo sindimunena, ntchito ndi ntchito. Ndinaimbira wa kabaza uja kuti abwerere kumudzi. Anapita cha m'ma naini, anabwera dzuwa litapendeka, chifukwa anakapeza mlamu wanga wapita kudimba ndi kiyi wa nyumba. Nthawi yonseyo tinakhala pamthunzi wa mathiraki odikira mapepala. Vuto la mthunzi wa thiraki ndi lakuti mapepala akatheka umanyamuka. Unatichokera katatu, ndipo katatu konse ndinkawadzutsa amayi n'kuwakokera pa thiraki ina. Osintha ndalama anandizungulira ngati ntchentche pa bango, aliyense akuti madamu kwa ine ndiye kwabwino. Ndinasintha kwa amene anali chete.

Pakati pa chipata chathu ndi cha ku Zobue pali mtunda ndithu, wokwera ndi kutsika. Apa amayi anali atatopa kale, mutu ukungogwa, ndiye ndinawamangirira ndi chitenje kumsana kwa wa kabaza wina ngati mwana.

"Wandibereketsa kwa mwamuna wa eni," anadandaula.

"Gwirani basi, amayi."

Ku Zobue tinadinditsa mapepala popanda vuto, koma chapa yomaliza yopita ku Tete, ndiyo minibasi ya kumeneko, inali itapita. Tsiku lathunthu linathera pa mtunda umene munthu wa miyendo yabwino akhoza kuyenda wapansi. Tinagona kwa mayi wina amene timagulana naye mbatata.

Lachiwiri tinali oyamba kukwera. Kukhala woyamba m'chapa si mwayi, ndi chilango, chifukwa chapa sinyamuka ndi wotchi, imanyamuka ikadzaza. Kondakitala ankakuwa kuti yatsala malo a munthu mmodzi kuyambira tili anthu anayi. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwerera pomwepo. Analowetsa matumba a kabichi, nkhuku, matayala awiri a njinga, kenako ife anthu anatipanikiza anayi anayi. Pamene tinkanyamuka, madzi a m'botolo langa anali atafunda kale.

Msewu wochoka ku Zobue umangotsetsereka, ndipo ukamatsika kutentha kumakwera. Tinadutsa Musakama, pamene msewu wa ku Angonia umapatukira, tinadutsa Kambulatsitsi. Patsogolo pang'ono tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anaigwira bwino galimotoyo, tinaima m'mbali popanda wovulala. Atatsitsa tayala lapadera, linapezeka kuti nalonso ndi lophwa. Iye ndi kondakitala anayang'anana, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kunamizira mnzake. Mapeto ake dalaivala anaimitsa thiraki n'kukwera ndi matayala onse awiri kupita ku Moatize, ife anatisiya pansi pa mlambe wopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

Anthu amati ku Tete kumatentha, koma kumva n'kwina. Phula linkanyezimira, mphepo ikabwera inkakhala ngati wina watsegula uvuni. Ndinayala chitenje pakati pa tchire ndi chikwama kuti amayi apeze kamthunzi, ndinawamwetsa mapiritsi awo ndi madzi otentha aja. Amene anali ndi ndalama zapadera anakwera magalimoto ena. Tinatsala ife osauka ndi makabichi.

Pakati pa otsalawo panali mkulu wina wa chipewa, wovala malaya oyera omangidwa mabatani mpaka pakhosi. Anati dzina lake ndi a Bento, kwawo ndi ku Moatize, ndipo anagwira ntchito ya positi mpaka kupuma. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chinyungwe, koma tinkamvana. Atamva kumene tikupita anavula chipewa. Amayi, amene kachitini kawo sankalola ngakhale adzukulu kukagwira, anakamasula pachiuno n'kuwapatsa.

A Bento anavala magalasi, anatsegula, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndikuzikumbukira izi. Zinali zingapo, zofiirira chonchi, nkhope za anyamata a kutchire. Zambiri zinadutsa m'manja mwangamu." Anatembenuza chivindikirocho padzuwa. "Koma mama, munaidula."

"Sinkakwana m'chivindikiromo. Ndinaizungulira ndi lezala."

"Pansi apa panali dzina lake."



"Ine ndinkafuna nkhope. Zolembazo ndinkati ndi mtengo wake."

Ndinatenga kachitiniko kuti ndione. Panali patatha zaka ndisanayang'anemo. Ndili mtsikana munali nkhope ya mnyamata wa chipewa cha nsalu, woyang'ana kumbali. Tsopano munatsala chipewacho, phewa ndi khutu limodzi. Pakati ponse panali poyera. Chiyambire kuvutika maso, amayi ankaiona nkhopeyo ndi chala chachikulu, m'mawa ndi madzulo, mpaka anaifufuta. Iwo sankadziwa, ndipo ine sindinawauze. A Bento anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ndinawabwezera kachitiniko.

"Amene ankadziwa bwino za masitampa amenewa ambiri anatsogola," anatero potseka kachitiniko. "Koma si kanthu, ngati dzina mukulidziwa."

"Ndinalisunga," anayankha amayi.

Dalaivala anabwera patatha maola anayi, akununkha mowa pang'ono, tayala limodzi lomatidwa. Tinalowa m'Moatize dzuwa likulowa, fumbi la malasha lili pamasamba, pamadenga, ngakhale pa mbuzi. A Bento anakana kuti tikafune malo ogona. Anatitengera kwawo, ndipo akazi awo atangoona miyendo ya amayi anabweretsa beseni la madzi osafunsa. Mapazi anali atatupa mpaka zala zinkaoneka ngati zamera pamtondo. Ukadina ndi chala, dzenje linkatsala.

Ndinagwada pafupi ndi besenilo.

"Amayi, tibwerere. Mundifera panjira, ndiye ndidzawauza chiyani anthu kumudzi?"

"Udzawauza kuti anafera panjira."

"Ndikunena zoona, amayi."

"Inenso. Ukabwerera, bwerera. Undikweze galimoto yokha, ndikafunsa anthu."

Ndinapsa mtima, ndinatuluka panja, ndinalira pang'ono kuseri kwa bafa. Kenako ndinabwerera kudzawapukuta mapazi.

Lachitatu a Bento anatiperekeza mpaka pa Matundo, pamphambano ya tsidya lino la mlatho wa Tete. Zambezi tinangomuona patali, mzinda wa Tete sitinaupondemo. Anatipezera pikapu yopita kumpoto, anakambirana ndi dalaivala m'Chipwitikizi kuti amayi akhale kutsogolo, ndipo anatilembera pakapepala dzina la mphambano yotsikira. Potsanzikana anawagwira amayi dzanja ndi manja awiri.

"Mukawapeza, mukawauze kuti wa positi wina anawadinda pankhope kambirimbiri, andikhululukire."

Amayi anaseka. Kanali koyamba kuseka chichokere kunyumba, ndipo sanasekenso.

Pikapu nayo inadikira kudzaza. Ine ndinakhala kumbuyo pa matumba a simenti, pakati pa mayi wa dengu la nsomba zouma ndi mbuzi yomangidwa miyendo imene inkandiyang'ana ngati ndine ndaigula. Za m'njira ndilibe zambiri zonena: mapiri ouma, mitengo yopserera, matumba a makala m'mbali mwa msewu ngati kwathu komwe. Cha m'ma leveni anatitsitsa pamphambano ija. Panali kagolosale kamodzi ndi mtengo wa masawu. Mwini golosale anati ku Nyansato kulibe galimoto ya anthu, koma kukubwera lole yokatenga makala, imalowa masana n'kutuluka dzuwa likapendeka. Anati ikubwera posachedwa. Ndinali nditaphunzira kale tanthauzo la posachedwa m'dziko limeneli, ndiye ndinayala chitenje.

Tili pansi pa msawupo ndinaona milomo ya amayi ikuyenda popanda mawu. Ankayamba, kuima, kupukusa mutu pang'ono, kuyambanso.

"Mukupemphera?"

"Ayi."

Ndinawapatsa bisiketi, anangoigwira m'manja. Patapita nthawi anandiitana.

"Esinati. Mayinawo ukawerenge pang'onopang'ono."

"Bwanji, amayi?"

"Ukangowerenga pang'onopang'ono."

Ndinafuna kufunsa, koma ndinaleka. Mpaka pamenepo, mayi wamkulu ine wa adzukulu awiri, ndinkaopabe kufunsa mayi anga dzina la mwamuna wawo.

Lole inafika itadutsa wani koloko. Msewu wake unali wa miyala ndi mitsinje youma, ndipo amayi anasanza kawiri. Dalaivala anati atipeza pobwerera, akaliza hutala tisachedwe, chifukwa ina idzabwera Loweruka.

Nyansato ndi nyumba zowerengeka, sukulu ya midadada iwiri ndi mjigo. Chipilala chili kumapeto kwa bwalo la sukulu, chachitali ngati anthu awiri, laimu wake atasuwa. Kutsogolo kwake kuli mayina ozokotedwa pa simenti. Kuseri kuli manda khumi ndi anayi m'mizere iwiri, aliwonse ndi kamwala kake ka simenti kolembedwa dzina. Panali posesedwa bwino. Wosesayo anatipeza tisanamufune: mayi wokalamba wamfupi, wa ndodo ndi mpango wofiira. Anati ndi a Rozalina. Pa nthawi ya nkhondo anali mtsikana wonyamula katundu wa omenya nkhondo pamutu, ndipo anali m'gulu la anthu amene anaoloka mtsinje tsiku lija. Kumeneko amalankhula Chichewa ngati chathu chomwe.

Nditafotokoza chimene tadzera, anawagwira amayi paphewa n'kuwakhazika pa sitepe ya chipilala.

"Mwachedwa, asisi, koma mwafika. Ena mpaka lero palibe anawadzera. Anali ndani?"

"Mwanayu awerenge," anatero amayi.

Ndinayamba pamwamba. Chimphepo. Ndinaima, ndinayang'ana amayi. Saopa. Mvula Yakuda. Kambuku. Sindigona. Ena anali a Chipwitikizi, ndinkawatchula mokhota, a Rozalina n'kumandikonza. Dzina lililonse ndinkalisiya m'mwamba kanthawi ndisanapite pa lina. Amayi anapendeketsa mutu, khutu kwa ine, manja pa maondo. Ndinafika pa la khumi ndi chinayi mutu wawo usanagwedezeke.

"Bwereza."

Ndinabwereza, pang'onopang'ono kuposa poyamba. Pa dzina lachisanu ndi chiwiri anakweza dzanja, kenako analitsitsa.

"Bwerezanso."

Ndinawerenga kachitatu. Nditamaliza, kusukulu ana ankaimba matebulo a masamu.

"Lachoka," anatero amayi.

"Chachoka n'chiyani?"

"Dzinalo. Anandiuza kamodzi, kukhutu, tili kumunda. Anati usauze munthu, ngakhale mlongo wako, ukalitchula wapha mwanayu. Ndiye sindinalitchule. Nkhondo itatha ndikanatha kunena, koma dzina la mwamuna wako ungakalitchule kwa yani? Ndinkalinena mumtima. Kenako ndinasiya kulinena, ndinkangodziwa kuti lilipo, ngati mbewu m'nsupa. Dzana ku Zobue ndinati nditsegule ndione. Ndapeza anankafumbwe anadya kalekale."

"Dzana? Ndiye bwanji simunanene tili pafupi ndi kwathu?"

"Ndinkati ndikalimva ndilizindikira."

Ndinakwiya, ndipo sindibisa. Ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira amalume amene ali m'manda, ndinakwiyira ulemu umene umatseka munthu pakamwa mpaka chinthu kuolera mkati. Koma kwambiri ndinadzikwiyira ndekha. Zaka zonsezi ndimakhala nawo khonde limodzi. Ndikanafunsa ndili ndi zaka makumi awiri, ndikanalemba kuseri kwa buku la nyimbo lomwe lija, bwenzi nkhani itatha. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya nditayenda masiku atatu.

A Rozalina sanadabwe. Anapempha kuona sitampa, anaiyandikitsa kumaso, anaibweza. Kenako anafunsa zimene kalata ija inanena. Nditatchula zotsalira pamtsinje, anagogoda ndodo pansi.

"Ndiye si onse khumi ndi anayi. Enawa anafera malo ena, anachita kuwabweretsa. Amene anatsalira pamtsinje anali atatu. Bwerani."

Tinawagwira amayi uku ndi uku mpaka kumapeto kwa mzere woyamba. Manda atatu ogundizana: Chimphepo, Sindigona, Mvula Yakuda.

"Atatuwa ndi amene anatigulira moyo. Ife tikuoloka ndi ana kumsana, iwo anagona pamiyala paja n'kumawombera mpaka zipolopolo zinatha. Onse atatu anawaika pa masitampa."

Atatu si khumi ndi anayi.

"Mwa atatuwa, ndani anali ndi mkazi ku Malawi?"

"Mwana wanga, za akazi ndi za kumudzi sitinkafunsana. Chimene sukuchidziwa sungachiulule ngakhale akumenye chotani."

"Nanga amene analemba kalata? Kapena ena amene anali nawo?"

"Wotsala ndine ndekha kuno."

Amayi analowererapo, mawu ali pansi. "Anali wamtali. Woderapo."

"Onse anali aatali kwa ine, asisi. Onse anali akuda ndi dzuwa, owonda, a ndevu."

"Anali ndi mpata m'mano a kutsogolo."

A Rozalina anaganiza nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akufunitsitsa kutithandiza.

"Sindinawaonepo akuseka," anatero.

Ndinatchulanso mayina atatuwo, limodzi limodzi, pafupi ndi khutu la amayi. Anapukusa mutu. Patali ndinamva injini ya lole ikubwera, ndipo nzeru za pamsika zinandibwerera. Ndinatulutsa kansalu koyera kamene tinatenga kuti timangemo dothi.

"Amayi, tiyeni titape pang'ono pa onse atatu. Mmodzi mwa iwo ndi bambo. Mulimonsemo tikhala tawatenga."

"Ndinakwatiwa ndi mwamuna mmodzi."

"Palibe adzadziwe kumudzi."

"Awiri enawo ali ndi kwawo. Ukawatengera kumanda a kwathu, adzagona bwanji pakati pa anthu osawadziwa? Nanga akazi awo akadzabwera ngati ine, adzapeza ndani?"

Ndinayang'ana a Rozalina kuti andithandize. Anayang'ana pansi.

"Akunena zoona mayi ako. Mzimu wa mlendo sautengera kumudzi."

Lole inaima kumsewu, hutala inalira. Ndinapinda kansalu kaja n'kukabwezera m'chikwama. Ndinati amayi tiyeni, koma anandigwira mkono mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Undigwaditse."

Ndinawatsitsa pang'onopang'ono pa miyendo yotupa ija, patsogolo pa manda atatuwo. Anakonza mpango kumutu, anaika manja pamodzi monga amachitira mkazi popereka madzi kwa mwamuna wake. Kenako ndinamva chimene sindinamvepo chibadwire.

"A Zuze."

Linatuluka mokakamira, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa. Anatembenuzira nkhope kumanda a kumanzere, anadikira.

"A Zuze, ndine. Ndabwera ndi mwana uja."

Anatembenukira pakati, anadikira. Anatembenukira kumanja, anaitananso kachitatu, n'kupendeketsa khutu. Sindikudziwa chimene ankayembekeza, kaya kamphepo, kaya kugunda kwa mtima. Ine ndinapezeka kuti nanenso ndikumvetsera. Kunalibe kanthu. Mbuzi inkadya pepala pafupi ndi chipilala, ndipo hutala inaliranso, nthawi ino motalika.

"Sangayankhe," anatero amayi. "Sanandimvepo ndikuwaitana choncho."

Ine ndi a Rozalina tinawadzutsa. Ndinayamba kuwakokera kumsewu, koma anaima nji, n'kuloza pansi pa chitenje chawo pamene panamatirira dothi lofiira.

"Undisase m'maondomu kaye. Tisatenge la eni."

Ndinagwada n'kuwasasa mpaka lonse linagwa.